KUCHEPETSA THUPI MAYI AKACHIRA

Amayi, mwezi ndi mwezi mumabwera ku sikelo kudzaona ngati mwana wanu akukwera. Nanga inu eni ake? Amayi ena thupi limatsalira lalikulu akachira, ndipo limaonjezeka pa mimba iliyonse. Kunenepa kopitirira muyeso kumaitana matenda a shuga, kuthamanga kwa magazi ndi kupweteka kwa mawondo. Nkwabwino kuchepetsa thupi lotere, koma mosafulumira.

Muyambe liti?

Dikirani masabata 6, mpaka anamwino atakuyezani ndi kuona kuti mwachira bwino. Ngati munachira ndi opaleshoni, funsani kaye musanayambe ntchito zolemetsa.

Mutsike bwanji?

Mayi woyamwitsa asatsike kuposa theka la kilogalamu pa sabata, ndiko kuti makilogalamu 2 pa mwezi. Wotsika mofulumira amafooka ndi kuchita chizungulire, mkaka ungachepe, ndipo kawirikawiri thupi lija limabwereranso. Pobwera ndi mwana pemphani kuti akuyezeni inunso, ndipo alembe m'buku lanu la kuchipatala.

Zoyenera kuchita

1. Yamwitsani mwana bere lokha miyezi 6, ndipo pitirizani kuyamwitsa mpaka zaka 2 kapena kupitirira. Popanga mkaka thupi limagwiritsa ntchito mafuta amene linasunga pa nthawi ya pakati.
2. Musadzimane chakudya. Idyani katatu pa tsiku, kuchokera m'magulu onse 6 a zakudya.
3. Chepetsani pang'ono nsima, chulukitsani ndiwo zamasamba monga bonongwe, nkhwani ndi chisoso. Mgaiwa uposa ufa woyera. Nyemba, nandolo, usipa ndi mazira zisasowe.
4. Chepetsani shuga m'tiyi ndi m'thobwa, mafuta ophikira, mandasi ndi zakumwa zotsekemera za m'botolo. Mukamva njala masana idyani papaya, gwafa kapena nthochi. Imwani madzi aukhondo mukamva ludzu.
5. Yendani ndawala mphindi 30 pa tsiku, masiku 5 pa sabata. Yambani ndi mphindi 10. Kulima ndi kusinja nazonso ndi zolimbitsa thupi.

Chenjerani

Musamwe mapiritsi, tiyi kapena zitsamba zimene amati nzoondetsa. Zambiri zimangotsegula m'mimba ndi kuchotsa madzi m'thupi, ndipo zina zingafike kwa mwana kudzera mu mkaka. Ngati muli ndi pakati penanso, kapena ndinu woonda kale, musayese kuchepetsa thupi.

Mukaona kuti mukuonda musanasinthe kadyedwe, makamaka ngati mukutsokomola, kutuluka thukuta usiku, kumva ludzu losatha kapena kukodza pafupipafupi, pitani kuchipatala msanga. Kuonda kotere kungakhale chizindikiro cha chifuwa chachikulu, shuga kapena HIV.

Malangizo awa ndi a inu nokha, si a mwana. Chakudya cha mwana musachepetse. Mzere wa pa khadi lake la sikelo uyenera kukwera mwezi uliwonse. Ukaima kapena kutsika, auzeni alangizi a zaumoyo tsiku lomwelo.