Lamulo Lothetsa Tsankho Pantchito ku South Africa

Kodi lamuloli ndi liti, ndipo linabweranji?

Dzina lake ndi Employment Equity Act, ndipo linakhazikitsidwa mu 1998. Kale malamulo monga Mines and Works Act ya 1911 ankasungira azungu ntchito zaluso ndi zamalipiro abwino. Ulamuliro watsankho utatha mu 1994, maudindo akuluakulu anatsalabe m'manja mwa anthu omwewo. Kungolengeza kuti anthu onse ndi ofanana sikukanasintha zimenezi, mpake panafunika lamulo lokhudza makampani mwachindunji.

Nanga limateteza ndani?

Lili ndi mbali ziwiri. Yoyamba imaletsa tsankho, ndipo imateteza wantchito aliyense ngakhalenso wongofunsira ntchito. Yachiwiri imalamula kuti amene ankaponderezedwa apatsidwe mpata: anthu akuda kuphatikizapo makaladi ndi amwenye, amayi, ndiponso anthu aulumali.

Ndine Mmalawi, ndimagwira ntchito ku Joni. Kodi mpata umenewu ukundikhudza?

Mbali yachiwiriyo ndi ya nzika za dzikolo, makamaka amene anabadwa ali nzika ndi amene analandira unzika lisanafike tsiku la 27 April 1994. Koma mbali yoyamba imakutetezani. Bwana saloledwa kukusalani chifukwa cha khungu, mtundu kapena chilankhulo chanu, kapena kukupatsani malipiro ochepa pa chifukwa chimenecho pamene ntchito yanu ndi yofanana ndi ya mnzanu.

Kampani iyenera kuchita chiyani kwenikweni?

Kampani ya antchito 50 kapena kuposerapo iyenera kukambirana ndi antchito ake ndi kufufuza kuti paudindo uliwonse pali anthu amagulu ati. Ikapeza zotchinga, kaya pa kalembedwe ka antchito, maphunziro kapena kukwezedwa, imalemba ndondomeko yozichotsa ya chaka chimodzi mpaka zisanu. Chaka chilichonse imapereka lipoti ku nthambi ya boma yoona zantchito.

Kodi ndiye kuti wosadziwa ntchito angalembedwe chifukwa cha khungu lake?

Ayi, munthuyo ayenera kukhala woyenerera. Kuyenerera si mapepala akusukulu okha: amaonanso zimene anaphunzira pogwira ntchito, zaka zimene waigwira, ndiponso ngati angathe kuidziwa m'nthawi yosatalika. Izi zimatsegulira khomo anthu aluso amene tsankho linawamana sukulu.

Ndikasalidwa ndikadandaule kuti?

Yambani mwayesa kuthetsa nkhaniyo pantchito pomwepo. Zikakanika, kasumeni ku CCMA, bungwe loyanjanitsa antchito ndi mabwana, isanathe miyezi 6 chichitikireni nkhaniyo, ndipo kusumako n'kwaulere. Mukapanda kugwirizana kumeneko, mlandu ungapite kukhoti la zantchito.

Nanga kampani ikanyozera lamuloli?

Khoti la zantchito lingailipiritse chindapusa. Kampani yosalemba ndondomeko kapena yosapereka lipoti, ulendo woyamba ingalipire mpaka marandi 1.5 miliyoni kapena 2 peresenti ya ndalama zimene imapeza pachaka. Ikabwereza, chindapusacho chimakwera.