Tikumanirenso ku Lusaka, kapena tipite ku Feira?

FUNSO

Akonzi,

Ndinamaliza giredi 12 pa sukulu ina ya sekondale m'boma la Luangwa, ku Feira, ndipo tsopano ndimagwira ntchito ya unamwino ku Lusaka. Ife amene tinaphunzira limodzi tili ndi gulu la pa WhatsApp. Chaka chilichonse timasonkha ndalama n'kukumana pa loji mumzinda muno. Timawotcha nyama, timavina, timajambulitsa, basi. Nditati tisonkhereko sukulu yathu, ena anayankha kuti maphunziro ndi aulere masiku ano ndipo thumba la chitukuko la CDF lilipo, nanga ife tivutikirenji? Ena akuti anasonkhapo kale koma sanaone kumene ndalamazo zinalowera. Kodi ndiumirire, kapena ndingowasiya?

Ndine mlongo wanu wa kwa Mphuka, wokhala ku Lusaka

YANKHO

Mlongo wanga, musawasiye. Koma nkhani ya ndalama iyambe yadikira. Choyamba n'kusamutsa mkumanowo, uchoke pa loji upite pa bwalo la sukulu.

Ndikudziwa kuti n'kutali. Kuchokera ku Lusaka mpaka ku Boma la Luangwa ndi makilomita oposa 300: kutsata Great East Road, kukhota pafupi ndi mlatho wa Luangwa pomwe amagulitsa nsomba zouma ndi madengu paja, n'kutsika ndi mtsinje mpaka pomwe ukumana ndi Zambezi, tauni ya Zumbo ili patsidya apo. Komabe munthu amene sanapondeko pa sukulu yake kwa zaka zambiri amaikumbukira monga anaisiyira, ndipo n'zovuta kuti atulutse ndalama chifukwa cha chinthu chimene sakuchiona. Akalowa yekha m'chipinda chimene ankagonamo, nayang'ana matiresi, natsegula mpopi, nafunsa ahedi kuti buku limodzi la masamu akuwerenga ana angati, simudzachitanso kumunyengerera. Musasankhe Okutobala, mukudziwa nokha mmene dzuwa la m'chigwa limaswera mtengo. Tchuthi cha Heroes ndi Unity, Lolemba loyamba la Julayi ndi Lachiwiri lotsatira, chimakupatsani masiku anayi otsatizana, kunja kuli kozizirako, ndipo temu imakhala ili pakati.

Anzanu aja sakunama pa za boma. Kuyambira mu Januwale 2022 makolo anasiya kulipira fizi, ndalama za PTA ndi za mayeso m'masukulu a boma, ndipo chaka chomwecho CDF inakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni. Ndi thandizo lalikulu, tisalipeputse. Koma thumba limeneli n'la Feira yense, kwa Mphuka ndi kwa Mburuma komwe. Limayembekezeredwa ndi zipatala zazing'ono, mijigo, madesiki, magulu a amayi ndi a achinyamata, ndipo pempho limadutsa m'makomiti a mawadi lisanavomerezedwe. Komanso fizi itachotsedwa ana anachuluka m'makalasi. Sopo, nsapato, mapadi a atsikana ndi ndalama ya basi zinatsalabe m'manja mwa kholo, mwina lomwe njovu zalidyera chimanga chonse usiku umodzi.

Ndiye pali thandizo lina limene boma silingapereke ngakhale litafuna. Taganizani mtsikana wa ku Kavalamanja amene wakhoza bwino, wapeza malo ku University of Zambia. Watsika basi ku Lusaka madzulo, chikwama chili pamutu, anyamata oitanira akumukoka uku ndi uku, foni yatha moto. Sadziwa kuti mafomu a ngongole ya maphunziro ya HELSB amafuna mapepala ati, ndipo mumzinda wonsewo alibe wachibale. Inu muli ndi nyumba komweko. Kumulandira, kumugoneka masiku awiri, kumuperekeza ku ofesi yoyenera, zimenezi sizifuna komiti. Ndipo mukaima kutsogolo kwa ana a giredi 12 mutavala yunifolomu yanu ya unamwino, n'kuwauza m'chilankhulo cha kwanu kuti munkakhala pa desiki ya pakona iyo, mwawapatsa chinthu chimene mlendo wochokera ku unduna sangawapatse. Yunivesite imene mtsikanayo akupitayi, potsegulidwa mu 1966, anthu wamba a m'midzi ndi m'migodi anali atasonkhako kangachepe kawo kuti imangidwe. Boma linalipo nthawi imeneyonso.

Amene akudandaula za ndalama zosowa muwamvetsere bwino, chifukwa magulu ambiri otere amafera pomwepa. Chopereka chisamapite pa nambala ya Airtel Money kapena MTN ya munthu mmodzi, ngakhale akhale mkulu wa mpingo. Lembetsani gululo kwa Registrar of Societies, tsegulani akaunti ku banki, osainira akhale atatu, ndipo mmodzi akhale wokhala ku Luangwa komweko. Lisiti lililonse lijambulidwe n'kuikidwa pa gulu tsiku lomwelo. Chaka choyamba sankhani ntchito imodzi yaing'ono imene ahedi, aphunzitsi ndi ana atchula okha, yoti ithe m'miyezi yochepa ndipo aliyense aione ndi maso. Ngati ndi yopala matabwa kapena yowotcherera zitsulo, mupatse amisiri a pa Boma kuti ndalamayo itsale konko.

Chimene chikundikhudza kwambiri m'kalata mwanu ndi anthu amene simunawatchule. M'kalasi mwanu si onse anabwera ku Lusaka. Ena ali pa bwato kuponya ukonde, ena amaluka mphasa, ena amagulitsa masau ndi malambe, ena sanakhoze mayeso n'komwe. Nawonso ndi ana a sukulu imeneyo, ndipo ndi iwo amene ana awo akuphunzira pamenepo lero. Mkumano wa pa loji, wokhala ndi mtengo wolowera pakhomo, umawatsekera kunja popanda wonena. Mukapita kumudzi muwaitane ndi mayina awo, akhale nawo m'komiti, ndipo wobweretsa nsomba za ndiwo kapena wodzakumba nawo maziko alembedwe m'buku limodzi ndi wopereka K1,000. Aphunzitsi anu opuma amene akadali moyo muwatumizire galimoto, adzakhale kutsogolo.

Mwina ambiri pa gulu adzati kutali, kodula. Musakangane nawo, ndipo phwando la ku Lusaka musalithetse, chifukwa ndi limene lakusungani pamodzi mpaka lero. Pezani anzanu asanu kapena asanu ndi mmodzi okwanira m'galimoto imodzi, muimbire ahedi foni sabata ino kuwapempha tsiku, ndipo mukabwerako muike zithunzi pa gulu pamodzi ndi mndandanda wa zimene sukulu yapempha.