Foni ikulira koma kulibe woyimba: mafunso ndi mayankho kwa anthu a kwa Nazombe

Funso: Mwana wathu watitumizira kabokosi ka foni kuchokera ku Joni. Kamagwira bwanji ntchito?

Yankho: Kabokosi kameneka, kotchedwa ATA, kamalumikiza foni ya patebulo ndi intaneti. Bowo lina mumalowetsa waya wa foni, lina waya wochokera ku rauta. Nambala yake imakhala ya dziko limene kanalembetsedwa, monga +27 ya South Africa, ndipo mwana wanu akamayimba ali ku Johannesburg amalipira ngati akuyimbira munthu wa konko. Popanda magetsi ndi intaneti, sikagwira.

Funso: Nanga bwanji imalira pakati pa usiku, koma tikanyamula kuli zii?

Yankho: Kawirikawiri amene akuliza si munthu. Pa intaneti pali makompyuta a anthu akuba amene usana ndi usiku amagogoda paliponse, kusaka mafoni osatetezeka. Amagogoda pa khomo la nambala 5060, limene mafoni a pa intaneti ambiri amalandirira uthenga, ndipo pulogalamu imene imatchuka pa izi ndi SIPVicious. Kabokosi kanu kakamva kugogodako kamayesa ndi mlendo weniweni, n'kuliza belu. Yang'anani pa galasi la foni: mukaona nambala yaifupi ngati 100, 1000 kapena 1001, dziwani kuti ndi amenewo. Chimene akufuna n'kupeza polowera kuti aziyimba kunja, bilu n'kugwera mwini wake.

Funso: Ena akuti ndi za kumidima. Tiope?

Yankho: Ayi, palibe mzimu kapena mfiti pamenepa. Ndikunenetsa chifukwa ife a ku Phalombe ndi Mulanje tinaona mu 2017 mmene mphekesera za anamapopa zinaphetsera anthu osalakwa. Musaloze chala mnansi wanu chifukwa cha belu la foni.

Funso: Tingakonze bwanji?

Yankho: Ntchitoyi imachitikira pa tsamba la masetingi a kabokosiko, ndiye pezani mnyamata wodziwa kukonza mafoni, kaya pa Chiringa kaya ku boma, ndipo mwana wanu akhale pafupi pa WhatsApp popeza ndiye akudziwa kampani imene inapereka nambalayo. Choyamba, auze kabokosiko kuti kazilandira mafoni ochokera ku seva ya kampaniyo basi. Mabokosi ambiri ali ndi poti mungatchere zimenezi, ndipo nthawi zambiri vuto limathera pomwepo. Azimitsenso njira yoyimbirana mwachindunji pa IP. Ngati kabokosiko kalola, asinthe khomo lake lolandirira kuchoka pa 5060 kupita pa nambala ina yapamwamba. Pa rauta aone ngati wina anatsegula DMZ kapena port forwarding, ndipo atseke. Pomaliza asinthe pasiwedi imene inabwera ndi kabokosiko, chifukwa yambiri imangokhala "admin" ndipo akuba amayamba n'kuyesa imeneyo.

Funso: Zonsezo tachita, koma nthawi zina imangoti "ngrii" kamodzi. Ndi chiyaninso?

Yankho: Onani nthawi imene zimachitika. Ngati ndi pamene magetsi a ESCOM angobwera, kapena batire ya sola ikafooka m'bandakucha, ndiye kuti kabokosiko kakungodzuka. Gwiritsani ntchito tchaja chake chenicheni, osati chongofanana mutu. Mabokosi ena amalira pang'ono pokudziwitsani kuti wina wasiya uthenga wa mawu, ndipo izi zimazimitsika pa masetingi. Nthawi ya dzinja waya wonyowa kapena wodyedwa ndi makoswe amachitanso zomwezo.

Funso: Ine kabokosi ndilibe, koma foni yam'manja imalira kamodzi ndi nambala yakunja.

Yankho: Uko n'kuflasha kwa mbava. Amadula msanga kuti inu muyimbe, ndipo nambalayo ndi yodula kwambiri, mayunitsi amatha mukungomvera. Kuno tili kufupi ndi malire, ndiye nambala yoyamba ndi +258 ikhoza kukhala ya m'bale wa ku Mozambique, ndipo +27 ya wa ku Joni. Koma ngati simukuidziwa, ilekeni, wokufunanidi adzayimbanso. Ikapitiriza, itsekeni pa foni yanu, muuze Airtel kapena TNM, ndipo akapanda kukuthandizani kadandauleni ku MACRA.

Funso: Kodi tingochotsa waya usiku kuti tigone?

Yankho: Musatero, chifukwa uthenga wa matenda kapena maliro susankha nthawi. Konzetsani kabokosiko, ndipo agogo ndi ana a pakhomo muwauze kuti nambala yachilendo saibwezera.