Phunziro 6: Ndalama za boma ndi laibulale ya sukulu ya pulaimale

Chiyambi

Tisanayambe, ganizirani za kalasi yanu. Mwana wa sitandade 3 kapena giredi 3 wamaliza kuwerenga ndime ya m'buku la phunziro, ndipo akufuna kuwerenganso china. Kodi apita kuti? M'phunziro lino tiona chifukwa chake funsoli lilibe yankho m'masukulu ambiri a m'maiko mwathu muno, komanso mbali imene inu mphunzitsi wa chiyankhulo mungatengepo pamene ndalama za boma zikugawidwa pasukulu panu.

Mmene laibulale inatsalira m'mbuyo

Mu 1994 dziko la Malawi linachotsa fizi m'masukulu a pulaimale, ndipo chiwerengero cha ophunzira chinakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Zambia inachitanso chimodzimodzi mu 2002, Mozambique nayo inatsatira patapita zaka zochepa. Ana atachuluka chonchi, ndalama zinayamba kupita ku zinthu zimene kusowa kwake kumaonekeratu: makalasi, malipiro a aphunzitsi, zimbudzi ndi mabuku a phunziro. Mwana wophunzirira pansi pa mtengo aliyense amamuona. Koma mwana wosowa buku la nthano sadziwika msanga. Amadzadziwika ali mu sitandade 5, akulephera kufotokoza zimene wangowerenga kumene.

Phunziro lochokera ku South Africa

Ku South Africa nkhaniyi anaimenyera poyera. Bungwe la Equal Education, limene mamembala ake ambiri ndi ophunzira, linachita kampeni yoti sukulu iliyonse ikhale ndi laibulale imodzi komanso woyang'anira laibulale mmodzi. Mu Novembala 2013 boma linakhazikitsa malamulo a zinthu zimene sukulu iliyonse ya boma iyenera kukhala nazo, ndipo linadzipatsa zaka 10 zoti malaibulale akhale atapezeka. Zaka 10 zija zitatha, masukulu ambiri anali akadali opanda laibulale. Kafukufuku wa PIRLS wa 2021 anapeza kuti ana 81 mwa 100 aliwonse a giredi 4 m'dzikomo sankatha kuwerenga momvetsa nkhani. Zifukwa zake ndi zambiri, si laibulale yokha ayi. Komabe onani kuti lamuloli linali lokhudza makamaka nyumba ndi zipinda. Chipinda chikhoza kumangidwa, boma n'kuchiwerenga ngati laibulale, mashelefu ali mbee.

Mabuku ake ati?

Apa ndi pamene nkhaniyi ikutikhudza ife aphunzitsi a chiyankhulo. Boma likanena kuti lagula mabuku, nthawi zambiri limatanthauza mabuku a phunziro. Ku Malawi, pulogalamu ya National Reading Programme, imene inayamba mu 2016, inafikitsa mabuku a Chichewa ndi Chingerezi m'makalasi oyambirira. Imeneyi ndi ntchito yabwino. Koma buku la phunziro limaphunzitsa mwana kulumikiza maphatikizo, pamene kuwerenga mosadodoma kumabwera mwana akamawerenga nkhani zambiri zosiyanasiyana, zosavuta, m'chiyankhulo chimene amalankhula kunyumba. Mabuku oterewa mu Chichewa kapena Chinyanja ndi ochepa chifukwa osindikiza sasindikiza buku limene sakudziwa kuti adzaligula ndani. Wogula wamkulu ndi boma. Boma likapanda kuika mabuku owonjezera m'bajeti, osindikiza nawonso amangokhala.

Pasukulu ina imene ndinakayendera, mphunzitsi wamkulu ananditsegulira kabati yodzaza mabuku ochokera kwa akufuna kwabwino a kunja. Onse anali a Chingerezi cha ana obadwira m'Chingerezi, ambiri anali asanatsegulidwepo, ndipo ena chiswe chinali chitayamba kudya. Nditafunsa chifukwa chake ana sankabwereka, anandiyankha kuti buku likasowa amene amafunsidwa ndi iwowo. Sindikuwaimba mlandu. Ngati oyendera sukulu amawerenga mabuku amene ali m'kabati, osati ana amene awerenga, kiyi adzakhalabe m'thumba mwa ahedi.

Kumene mawu anu angamveke

Bajeti ya unduna simungaisinthe nokha, koma pali ndalama zina za boma zimene zimagawidwa pafupi nanu. Ku Malawi kuli thandizo la School Improvement Grant, limene limafika kusukulu ndipo limagwiritsidwa ntchito motsatira pulani imene aphunzitsi, komiti yoyendetsa sukulu ndi makolo agwirizana. Ku Zambia, ndalama za Constituency Development Fund zinakwera mu 2022 kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni padera lililonse la phungu. Pamisonkhano yokonza mapulani, zofuna zimachuluka kuposa ndalama, ndipo chimene sichinalembedwe sichigulidwa. Mukangonena kuti "tikufuna laibulale", makolo amaganiza za njerwa ndi malata, n'kuyankha kuti ndalama sizikwana. Pitani ndi pempho loti n'kuwerengetsera mtengo wake: bokosi lokhoma pakalasi iliyonse ya sitandade 1 mpaka 4, mabuku a nthano a chiyankhulo cha ana, ndi kope lolembamo obwereka. Nthano za African Storybook, zina mwa izo zili mu Chichewa, n'zololedwa kusindikiza kwaulere, choncho mtengo wake ndi wa mapepala ndi inki basi. Pemphaninso kuti zilembedwe m'maminitsi kuti buku long'ambika chifukwa chowerengedwa si mlandu wa mphunzitsi.

Ntchito

Werengani mabuku onse a pasukulu panu amene si a phunziro. Lembani kuti ndi angati ali m'chiyankhulo cha ana, ndi angati mwana wa sitandade 2 angawerenge yekha, ndiponso ndi angati anabwerekedwa teremu yathayi. Kenako funsani mphunzitsi wamkulu tsiku la msonkhano wotsatira wokonza pulani ya sukulu, ndipo lembani pempho la tsamba limodzi, lokhala ndi mitengo, loti mukalipereke kumeneko. Tumizani pempholo kwa mlangizi wanu pamodzi ndi ntchito ya mutu uno.