Kudwala kwa Zomera za m'Madzi

Munthu akadwala amapita kwa dokotala nanena pamene pakupweteka. Koma comera ciribe pakamwa. Cimatiuza mabvuto ace ndi masamba, ndipo mwana wocenjera aphunzira kuwerenga masambawo monga awerengera buku.

Tiyerekeze kuti m'kalasi mwanu, ku Kanyama kapena ku Matero, muli thanki yagalasi, momwe muweta tinsomba ndi kubzala zomera za m'madzi. Zomerazo si zokometsera thanki cabe. M'caka ca 1779 dokotala wina wa ku Holland, dzina lace Jan Ingenhousz, anaika masamba m'madzi naona kuti amatulutsa tithobvu ta mpweya pamene pali kuwala, koma mumdima amaleka. Mpweya umenewu ndiwo okisijeni, umene nsomba zipuma. Tsono zomera zikayamba kuola, madzi aipa ndipo nsomba zikhoza kufa.

Coyamba yang'anani kuwala. Ngati mapesi atalika naonda, ndipo masamba atalikirana, comeraco cikusowa kuwala. Ngati galasi ndi masamba zakutidwa ndi ndere, kuwala kwacuruka. Ikani thanki pafupi ndi zenera, koma dzuwa lamasana lisaombepo.

Caciwiri funsani kuti, "Kodi masamba acikasuwo ndi akale kapena ndi anthete?" Funso ili ndi lalikuru. Comera cikasowa naitirojeni, cimacotsa wa m'masamba akale ndi kupatsa anthete, monga mai apatsa mwana nsima iye nagona ndi njala. Cifukwa cace akale ndiwo ayamba kusanduka acikasu. Koma citsulo sicisuntha motero. Cikasowa, masamba anthete ndiwo atumbuluka, pamene mitsempha yace ikhalabe yobiriwira.

Bvuto la citsulo tiyenera kulidziwa bwino ife a mu Lusaka. Mzinda wathu unamangidwa pa miyala ya laimu, yonga imene anthu aphwanya ku Kanyama, ndipo madzi a pansi pano amasungunula laimuyo. Mwaona kodi zoyera zimene zimamatirira m'ketulo ya amai anu? Ndiye laimu ameneyo. M'madzi otere citsulo cimagwidwa, ndipo zomera zina zilephera kucilandira. Mankhwala ace ndi apafupi: sakanizani madzi a pa pompi ndi a mvula oyera bwino, ndipo pobzala ikani katondo pang'ono pansi pa mcenga, pakuti dothi lofiira liri ndi citsulo.

Cacitatu onani mizu. Mizu yabwino iri yoyera ndi yolimba. Ikada ninunkha, mwina mwapatsa nsomba cakudya cambiri, cimene caolera mumcenga. Cepetsani cakudya, ndipo sabata iri yonse cotsani gawo limodzi mwa magawo anai a madzi ndi kuthira ena. Madzi a pa pompi ayambe akhala m'ndowa yosabvundikira tsiku limodzi kuti mankhwala a kulorini acoke. Musatunge m'ngalande, pakuti madzi ace amanyamula matenda monga kolera.

Kumbukiraninso kuti comera cobzalidwa kumene cimataya masamba ena akale pozolowera malo acilendo. Musafulumire kucizula ngati cikuphuka.

Mukapeza cimene muganiza kuti ndico calakwa, sinthani cinthu cimodzi cokha, nimudikire masabata awiri. Mukasintha zonse pamodzi, simudzadziwa cimene cathandiza. Yang'anani masamba atsopano, pakuti tsamba loonongeka kwambiri silicira. Akuru anati, "Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Mafunso

1. Kodi Jan Ingenhousz anaona ciani?
2. Comera cikasowa citsulo, ndi masamba ati amene atumbuluka?
3. Cifukwa ninji madzi a mu Lusaka ali ndi laimu?
4. Cifukwa ninji tiyenera kusintha cinthu cimodzi cokha?

Nchito: Ikani comera ca m'madzi m'botolo loyera padzuwa, nimuwerenge tithobvu totuluka pa mphindi imodzi. Citani comweco pamthunzi, ndi kulemba zimene mwapeza.