Ulendo wa pa njinga ku Ulaya ukundisowetsa tulo

Okondedwa Azakhali,

Ndine mayi wa zaka 47, wapabanja, mphunzitsi wa kusekondale kuno ku Zomba. Mng'ono wanga anakwatiwa ku Germany zaka khumi zapitazo. Chaka chino wandiitana kuti ndikamuone pa tchuthi cha mu Ogasiti, ndipo iye ndi alamu akonza zoti tikayende pa njinga masiku asanu ndi awiri m'mbali mwa mtsinje wa Danube, kuchokera ku Passau mpaka ku Vienna. Tikiti ya ndege agula kale, malo ogona alipira kale, njinga yobwereka aisungitsanso.

Tsiku limene anandiuza ndinavina. Koma tsopano kwatsala masabata khumi ndipo tulo tandithawa. Ndimadzidzimuka cha m'ma 3 koloko mbandakucha, mtima ukugunda, m'mimba mukutentha. Njinga ndimaidziwa. Ndili mtsikana ndinkapita nayo kuchigayo, ndipo mng'ono wangayu ndinamuphunzitsa kupalasa ndine. Koma papita zaka zambiri osapalasa mtunda wautali, thupi lalemera, komanso ndimamwa mankhwala a BP. Ndikuopa kukagwa, kukasochera, kukadwalira kudziko la eni. Ndikuopa kuti alamu, amene amapita kuntchito pa njinga tsiku ndi tsiku, azikangondidikira m'njira mpaka kutopa nane. Aphunzitsi anzanga akundiseka kuti ndikupita ku Ulaya kukachita kabaza. Bambo a kunyumba akundilimbikitsa, koma nawonso zakunja sazidziwa.

Mng'ono wanga akaimba foni ndimamuuza kuti zonse zili bwino. Sabata yatha ndinaganiza zomunamiza kuti kusukulu andikaniza kuchoka. Ndithandizeni, ndichite chiyani?

Mayi wosowa tulo, Zomba

Mwana wanga,

Bodza la kusukulu lija musalinene. Ndayamba ndi limeneli chifukwa m'kalata yanu yonse ndi lokhalo limene lingakupwetekeni zaka zambiri. Mng'ono wanu anakulira kuno, akudziwa nthawi imene sukulu zimatseka, ndipo adzatsala akudzifunsa chimene anakulakwirani.

Tiyeni tiuone kaye msewuwo masana, chifukwa usiku umaoneka wautali kuposa mmene ulili. Kuchokera ku Passau, kumene mitsinje ya Inn ndi Ilz imathira mu Danube, kukafika ku Vienna ndi makilomita pafupifupi 320. Mukawagawa masiku asanu ndi awiri, ndi makilomita 45 kapena 50 patsiku, ngati kuchoka ku Zomba kulowera ku Liwonde, koma popanda zitunda za ku Machinga. Mudzakhala mukutsata kumene madzi akulowera, ndipo pa ulendo wonsewo mtsinje umatsika mamita osakwana 200. Mbali yaikulu ya njirayo ndi ya tala, yopatulidwira njinga, yodutsa mmene kalekale munkayenda mahatchi okoka mabwato. Kulibe minibasi yokulizirani hutala kumsana. Agogo amaiyenda njira imeneyi, makolo amaiyenda ndi ana awo. Munthu wopalasa modekha, makilomita 15 pa ola, amamaliza gawo la tsiku m'maola atatu kapena anayi, chonsecho mu Ogasiti dzuwa kumeneko limalowa cha m'ma 8 koloko usiku. Mukhoza kupuma kakhumi n'kufikabe kukuwala. Kusochera n'kovuta, chifukwa mtsinje uli pambali panu ndipo zikwangwani zili ponseponse. Tsiku loti thupi lakaniratu, m'madera ambiri muli sitima ya pamtunda imene imalola munthu kukwera ndi njinga yake.

Chimene chikundidetsa nkhawa ine ndi china, chimene simunachitchule n'komwe. Kuno timayenda kumanzere kwa msewu. Ku Germany ndi ku Austria amayenda kumanja. Mutu umamva msanga, koma thupi limene lazolowera kumanzere zaka makumi anayi limabwerera kwawo mosakuuzani, makamaka mukatopa, mukamanyamuka mutapuma, kapena mukamakhota pamphambano. Mudzamange kansalu kowala ku handulo ya kumanja kuti kazikukumbutsani. Pooloka msewu, yambani ndi kuyang'ana kumanzere. Polowa m'tauni ngati Linz musatsogole, tsatani alamu anu.

Chinanso ndi mabuleki. Pa njinga zambiri za kwathu dzanja lamanja limagwira buleki ya kutsogolo, koma pa njinga zambiri za kumeneko buleki ya kutsogolo ili kumanzere. Munthu akaifinya mwamphamvu poganiza kuti ndi ya kumbuyo, njinga imamuponya. Zilikonso njinga zina zimene zimaima ukangopalasa chobwerera m'mbuyo. Choncho akadzakupatsani njinga yanu, musadzachite manyazi kufunsa, safunsa anadya phula. Mudzaikankhe kaye pansi, mufinye buleki imodzi imodzi muone tayala limene likuima, kenako muzungulire nayo pamalo opanda magalimoto theka la ola. Ngati mungafike kwa mng'ono wanu masiku angapo ulendo usanayambe, muzikapalasa pafupi ndi kwawo m'mawa uliwonse mpaka dzanja lizolowere.

Masabata khumi ndi okwanira kukonza thupi, bola muyambe sabata ino. Pitani kaye kuchipatala akakuyezeni BP, muwauze madokotala zimene mukufuna kuchita. Akakulolani, yambani ndi theka la ola katatu pa sabata, m'mamawa misewu isanadzaze, n'kumawonjezera pang'onopang'ono. Pofika sabata yachisanu ndi chimodzi muzitha makilomita 30 osavutika. Chakumapeto, yesani makilomita 40 Loweruka ndi 40 enanso mawa lake mukachoka kutchalitchi, chifukwa mayeso enieni a ulendo wotere ndi kukweranso njinga m'mawa wa tsiku lachiwiri thupi likadali lowawa. Mukakhoza zimenezo kawiri, Danube mwathana naye. Sabata yomaliza pumani. Ngati njinga yanu ilibe magiya, bwerekani yokhala nawo kuti muphunzire kusintha musanakafike.

Ndikuuzeni ngati mayi mnzanu: miyendo siivuta kwenikweni, povuta ndi pokhalira. Chishalo chimapweteka, ndipo palibe mankhwala ena kuposa kuchizolowera ndi kuvala kabudula wa opalasa njinga, uja wokhala ndi kasiponji mkati. Amavalidwa pathupi penipeni, popanda kabudula wina wamkati, chifukwa misoko ndi imene imasupula khungu. Muuzeni mng'ono wanu akugulireni awiri, wina muzichapa madzulo. Ndikudziwa kuti ife amene tinakula lamulo la 1973 loletsa akazi kuvala mathalauza lisanachotsedwe, mtima umatigunda tikaona chovala chothina chotero. Valani siketi yaifupi ndithu pamwamba pake, kapena thalauza lomasuka, palibe adzakudabwani. Chitenje chokha chikhale m'chikwama mpaka madzulo, chifukwa chikakodwa mu tcheni kapena m'masipoko mudzagwa. Chishalo chikwezeni mpaka bondo lizingopinda pang'ono phazi likafika pansi pa pedulo. Chikatsika kwambiri maondo amapweteka. Chisoti muzivala kuyambira panopa. Chiperoni akabwera mu Juni ndi mu Julayi musabisale m'nyumba, tulukani muyese jekete lanu la mvula, chifukwa chilimwe cha ku Austria chimatentha ndithu koma chimagwetsanso mvula yamabingu mwadzidzidzi.

Aphunzitsi anzanu akuti mukukachita kabaza. Mawu amenewo atoleni, ali ndi ntchito. Palibe amene amaidziwa njinga ngati anyamata a kabaza ndi amisiri okonza njinga pamsika. Pitani kwa mmodzi, mumulipire, akuphunzitseni kuchotsa tayala, kupeza pobooka, kumata chubu ndi kubwezera tcheni ikagwa. Muchite ndi manja anu kawiri kapena katatu. Mantha a munthu amachepa kwambiri akadziwa kuti tayala likaphwa sadzangoima kudikira wina.

Za mapepala musazengereze ngakhale tsiku limodzi. Visa ya Schengen imodzi ikukwanirani ku Germany ndi ku Austria komwe, ndipo mumapempha ku dziko limene mukakhaleko masiku ambiri. Amalola kupempha kutatsala miyezi isanu ndi umodzi, ndipo safuna kuti mufike kutatsala masiku osakwana 15. Nyengo yachilimwe opempha amachuluka, choncho kasungitseni tsiku lanu sabata ino. Pasipoti ikhale yoti idzagwirabe ntchito miyezi itatu mutachokako, yokhala ndi masamba awiri osalembedwa. Adzafuna inshuwalansi ya zaumoyo yofika mayuro 30,000, kalata yokuitanani ndi kalata ya kuntchito. Mukamagula inshuwalansiyo, funsani ngati imalipira munthu atavulala pa njinga. Za ndalama zakunja pitani kubanki msanga, mukudziwa mmene zimavutira kupezeka.

Pasipotiyo izikhala pathupi panu tsiku lililonse, osati m'chikwama chimene mungachitumize pa galimoto kumalo ogona. Passau ali pamalire penipeni, ndipo apolisi amatha kufunsa mapepala. Mankhwala a BP akwere nanu m'ndege m'kachikwama ka m'manja, okwanira ulendo wonse ndi otsalako, pamodzi ndi kalata ya adokotala. Nambala ya pangozi ndi 112 m'maiko onse awiri. Lamlungu masitolo ambiri amakhala otseka, ndiye kamba wa tsikulo mugule Loweruka. Madzi a pampopi ndi abwino kumwa. Muzimwa musanamve ludzu, muzidya musanamve njala.

Ziwiri izi muzisunge bwino. M'maudzu a m'mbali mwa Danube muli nkhupakupa zimene zimapatsa matenda, choncho madzulo aliwonse posamba muzidziyang'ana thupi lonse, ndipo mukaipeza ichotseni msanga. Ndipo mukadzamva kutentha thupi muli kumeneko, muuzeni dokotala poyamba penipeni kuti mwachokera ku Malawi ndipo akuyezeni malungo. Udzudzu ukhoza kukulumani ku Zomba usiku womaliza, malungo n'kudzakugwirani muli pa ulendo ku Krems, kumene dokotala sangawaganizire msanga.

Tsopano ndibwerere ku chiganizo chimodzi cha m'kalata yanu chimene ndakhala ndikuchiwerenga mobwereza. Mwati mng'ono wanu munamuphunzitsa kupalasa ndinu. Ndikukuonani mukuthamanga pambuyo pake mutagwira keliyala, iye akukuwa kuti musamusiye. Kwathu kuno mkulu saloledwa kutopa pamaso pa ang'ono ake. Ndiye amathamangira fizi, ndiye amaitanidwa pakagwa matenda, ndiye amadziwa njira. Tsopano mukupita kumene tikiti wakulipirirani ndi mwana amene munamubereka kumbuyo, kumene chilankhulo akuchidziwa ndi iye, kumene wotsalira m'mbuyo angadzakhale inu. Ine ndikuona kuti chimene chimakudzutsani 3 koloko ndi chimenechi, kuposa mtsinje ndi makilomita ake. Ndipo chikukula chifukwa mukuchisenza nokha, uku pa foni mukunena kuti zonse zili bwino.

Taonani zimene iwo akonza. Mtunda umenewu munthu wolimba ngati alamu anu angaumalize m'masiku atatu. Iwo aika asanu ndi awiri. Anthu ofuna mpikisano sachita zotero. Mng'ono wanu watha zaka khumi kudziko la eni, ndipo akufuna masiku oti akhale pambali pa mkulu wake kuyambira m'mawa mpaka madzulo, akuonetseni nyumba yaikulu ya amonke pamwamba pa Melk ndi minda ya mphesa ya m'chigwa cha Wachau, muzicheza m'Chichewa pamphepete mwa madzi. Kukudikirani pansi pa mtengo sikungamuwawe. Chingamuwawe ndi kudzamva pambuyo pake kuti munavutika mumtima masabata khumi osamuuza.

Muuzeni mosazungulira kuti mukufuna kubwera koma mukuopa. Kenako pemphani zinthu zogwirika. Tsiku loyamba likhale lalifupi. Liwiro liziikidwa ndi amene ali m'mbuyo. Mugwirizane panopa, alamu akumva, kuti aliyense wotopa akhoza kukwera sitima tsiku limenelo popanda kupepesa. Funsaninso ngati angasinthe njinga yanu ikhale ya batire, ija imathandiza munthu akamapalasa. Zimabwerekedwa kwambiri pa njira imeneyi, ndipo ambiri amene mudzakumane nawo adzakhala pa zoterozo. Imalemera kuposa njinga wamba, ndiye nayonso imafuna kuiyesa kaye.

Usiku, ikani kope ndi cholembera pafupi ndi bedi. Nkhawa ikakudzutsani, ilembeni, ndipo m'mawa muone ngati ili ndi chochita: kufunsa, kugula, kuyesa. Ikakhala nacho, chitani tsiku lomwelo. Ikakhala yopanda chochita, auzeni bambo a kunyumba kapena mnzanu wapamtima, muipempherere, isagone m'mimba mwanu yokha. Kupalasa kwa m'mawa kuja kudzakubwezerani tulo tambiri. Koma mukaona kuti masabata awiri kapena atatu apita mukulephera kudya, mukulephera kuphunzitsa, kapena pachifuwa pakupweteka ndipo mpweya ukubanika, bwererani kuchipatala msanga, musati ndi mantha chabe, makamaka poti muli ndi BP.

Miyezi ino wotchi ya ku Germany ndi yathu zimayendera limodzi. Ikakwana 7 koloko madzulo ano ku Zomba, kwa mng'ono wanunso idzakhala 7 koloko. Mukatha kudya, lowani kuchipinda, tsekani chitseko, mumuimbire.

Azakhali anu