Wodwala Maganizo Kutali ndi Kwawo

Pepani mayi ndi matenda a achimwene anuwo. Mwafunsa ngati chipatala cha ku New York chingawathamangitse poti kwawo n'ku Ohio. Ayi mayi, mtima m'malo. Maboma awiriwa ali m'pangano lotchedwa Interstate Compact on Mental Health, la m'zaka za m'ma 1950. Panganoli limati wodwala athandizidwe komwe wadwalirako, osayamba n'kumufunsa kwawo. Kumusamutsa kumaloledwa pokhapokha madokotala ataona kuti akathandizidwa bwino kumeneko, makamaka ngati kuli abale ake, ndipo boma lomulandira liyambe lavomera. Ndalama za ulendo amalipira omutumizawo. Ine ndingakondwe mutawalembera madokotalawo msanga, muwauze komwe kuli abale amene angamawazonde.